Kodi nsanja ya netiweki ikupha asilikali a m'thupi mwa bambo akunyumba?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Chipoka ku Salima. Zaka ziwiri zapitazo anamanga nsanja ya netiweki kuseri kwa nyumba yathu. Bambo akunyumba ndi asodzi ndipo akhala akumwa ma ARV kwa zaka 9. Mwezi watha anadwala malungo mpaka kugonekedwa, ndipo atawayeza CD4 inapezeka 290, pomwe kale inkafika 600. Anzathu akuti ndi nsanjayi, ndipo pa WhatsApp pakuyenda vidiyo yonena kuti mafunde a foni amapha asilikali a m'thupi. Bambowo ayamba kunena kuti kumwa mankhwala n'kutaya nthawi ngati nsanja ikuwadya magazi. Tisamuke?

Yankho: Mayi, chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu ndi mawu a bambo akuti kumwa mankhwala n'kutaya nthawi. Chonde, lero lomwe amwe mankhwala awo monga mwa nthawi zonse, mawa amwenso. Munthu akasiya ma ARV, kachilombo kamadzadzanso m'magazi pakangopita masabata ochepa, ndipo pamenepo asilikali a m'thupi amagwadi, kaya munthu agone pafupi ndi nsanja, kaya pakati pa nyanja. Za kusamuka ndikuti ayi, musasamuke chifukwa cha nsanjayo. Koma sindikufuna mungomvera mawu anga chabe. Ndakhala zaka zambiri mu labotale ndikuwerenga maselo oyera a m'magazi, ndiye ndiloleni ndikuonetseni pamene yankholi lachokera, kuti nanunso mukathe kuwafotokozera bambo.

Chisokonezo chimayambira pa dzina. Mphamvu ya X-ray, mphamvu ya bomba la nyukiliya, kuwala kwa dzuwa ndi mafunde a wailesi, zonsezi asayansi amaziika m'banja limodzi, ndipo ena kuno amazitcha cheza. Munthu akamva kuti foni imatulutsa cheza, maganizo amathamangira ku Hiroshima, mzinda wa ku Japan umene unaphulitsidwa ndi bomba la nyukiliya. Buluzi ndi ng'ona n'zapachibale, koma chimene chimakokera munthu m'madzi ndi chimodzi.

Mphamvu zonsezi zimayenda m'timibulu ting'onoting'ono, ndipo kulemera kwa kambulu kamodzi kumatengera liwiro limene fundelo likunjenjemera. Mafunde ambiri a foni amanjenjemera maulendo apakati pa 800 miliyoni ndi 2,600 miliyoni pa sekondi. Nambalayi ikumveka yoopsa, koma kuwala kwa tochi yanu ya m'nyumba kumanjenjemera kuposa pamenepo maulendo opitirira 100,000, ndipo X-ray imaposanso kuwalako maulendo masauzande ambiri. Kuti DNA ya m'selo, imene imasunga malangizo onse a mmene selo ligwirire ntchito, ithyoke, pamafunika kambulu kamodzi kolemera mokwanira. Taganizani mwana amene akufuna kugwetsa mango. Mwala umodzi ukwanira. Koma mutampatsa thumba lathunthu la madeya kuti aziponya limodzilimodzi, adzaponya mpaka dzuwa kulowa, mango ali pomwepo. X-ray ndi mwala. Mafunde a foni ndi a nsanja ndi madeya.

Chimene mafunde a wailesi amathadi kuchita m'thupi, ndipo palibe katswiri amatsutsa, ndi kutenthetsa. Amagwedeza madzi a m'minofu, minofuyo n'kufunda. Umo ndi mmene microwave imatenthetsera chakudya, ndi mphamvu ya mawati 800 kapena kuposa, itatsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Foni ikakalipa kwambiri siposa mawati 2, ndipo nthawi zambiri imakhala pansi kwambiri pa pamenepo. Kutentha kumene mumamva pakhutu mukacheza nthawi yaitali, kwambiri kumachokera ku batire ndi zipangizo za m'kati, komanso chifukwa khutu laphimbidwa, mphepo sikulifika.

Tsopano za asilikali a m'thupi. Ali amitundumitundu ndipo amabadwira m'mafuta a m'mafupa. Ena, otchedwa neutrophil, ndi aja amathamangira pabala n'kufera pomwepo, mafinya aja ndi mitembo yawo. Thupi limapanga pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse. Ena ndi ma lymphocyte, ndipo CD4 ndi gulu limodzi la amenewa, atsogoleri a nkhondo amene HIV imakonda kuwalowa. Ma lymphocyte ali m'gulu la maselo osachedwa kufa akakumana ndi cheza cha mtundu wa mwala chija. Ngozi ya pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ku Chernobyl itachitika mu 1986, madokotala ankawerenga ma lymphocyte a ovulala m'masiku oyambirira kuti adziwe amene walandira cheza chambiri, chifukwa amagwa msanga, m'maola 24 mpaka 48. N'chifukwa chake mafoni atayamba kufala, asayansi anati: ngati mafundewa ali ndi choipa, ma lymphocyte ndiwo atiuze. Funso lanu, mayi, si lachibwana. Lafufuzidwa kwa zaka zoposa 30.

Kafukufuku wake amachitika chonchi. Timatenga magazi a munthu, n'kuwathira mosamala pamwamba pa timadzi tina m'kachubu, n'kuwazungulitsa m'makina. Akatuluka amakhala atagawikana: ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba, ndipo pakati pamayandama kamzere kotuwa, kopyapyala ngati ufa wowazika pamadzi. Kamzere kameneko ndiwo asilikaliwo. Timawatunga pang'onopang'ono, dzanja lisanjenjemere, n'kuwagawa m'timbale tiwiri. Kambale kena kamalowa m'bokosi lokhala ndi mafunde, kena m'bokosi lofanana ndendende koma lozimitsa, onse pa madigiri 37, kutentha kwa thupi. Kenako timawerenga: afa angati, akuchulukana bwanji tikawaputa, DNA yathyoka mwa angati, akutulutsa timadzi tawo toitanirana kunkhondo mochuluka bwanji. Wowerengayo sayenera kudziwa kambale kamene kanali pa mafunde, chifukwa diso la munthu limaona chimene mtima ukufuna.

Ntchito imeneyi ndi yosachedwa kulakwika, ndipo apa ndi pamene mavidiyo a pa WhatsApp amapezera chakudya. Maselo a m'mbale ndi osachedwa kukhumudwa. Bokosi lina likafunda kuposa linzake ndi kachigawo ka digiri, maselo amasintha khalidwe. Ofufuza ena amangoika foni yoyaka pambali pa kambale, osayeza mphamvu imene yafika ku maselo, osayezanso kutentha kwa batire, n'kulemba kuti mafunde asintha maselo. Akatswiri akasonkhanitsa kafukufuku yense n'kumusanja, chimene chimaoneka mobwerezabwereza n'chakuti amene anasamala kwambiri pa kutentha, pa muyezo wa mphamvu ndi pa kubisa timbale, nthawi zambiri sapeza kusiyana. Amene amapeza kusintha sagwirizana okhaokha: uyu akuti maselo afooka, uyo akuti achangamuka, wina akabwereza zomwezo sapeza kanthu. Poizoni weniweni sachita choncho. Ukamuonjezera, kuonongeka kumaonjezekanso, ndipo aliyense woyesa amapeza zofanana.

Nkhani ziwiri zikuonetsa bwino zimenezi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, akatswiri a ku Soviet Union ananena kuti makoswe oikidwa pa mafunde a wailesi maola 7 pa tsiku kwa mwezi wathunthu ankasokonekera chitetezo, mpaka thupi kuyamba kulimbana ndi ubongo wake womwe. Mawu amenewa anali olemera, ndipo WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, linathandiza kuti ntchitoyo ibwerezedwe m'malo awiri, ku Bordeaux m'dziko la France ndi ku Moscow, potsata ndondomeko imodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2009 ndi 2010. A ku France sanapeze kanthu. A ku Moscow anati aona kusintha pang'ono, koma komiti ya akatswiri a maiko osiyanasiyana imene inkayang'anira ntchitoyo inagamula kuti zotsatira zonse pamodzi sizikutsimikiza zonena zakale zija.

Ina ndi kafukufuku wa REFLEX, amene analipiridwa ndi European Union ndipo lipoti lake linatuluka mu 2004. Gulu la ku Vienna linati mafunde a foni akuthyola DNA m'maselo a khungu, ndipo nkhaniyi inazungulira dziko lonse. Mpaka lero ena amaitchulabe. Chimene satchula n'chakuti gulu lomwelo litayesa ma lymphocyte, asilikali amene mukufunsa inuwa, silinapeze kuthyoka. Satchulanso kuti gulu lina ku Germany litabwereza za maselo a khungu silinapeze zomwezo, ndiponso kuti mu 2008 yunivesite ya ku Vienna komweko inalengeza kuti ikukayikira manambala ena a ntchitoyo.

Sindikubisirani zimene zimapangitsa akatswiri kupitiriza kufufuza. Ku America, National Toxicology Program inaika makoswe ndi mbewa pa mafunde a foni maola 9 tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, thupi lonse. Lipoti la 2018 linati makoswe ena aamuna anatuluka zotupa mumtima, ndipo panaonekanso zizindikiro za kuthyoka kwa DNA m'maselo oyera a mbewa zazikazi pa mtundu umodzi wa mafunde. Koma mphamvu yotsikitsitsa imene makoswewo analandira inali yoposa pafupifupi maulendo 19 malire a thupi lonse amene amaloledwa kwa munthu wamba, ndipo makoswe aamuna a pa mafundewo anakhala moyo wautali kuposa anzawo amene sanaikidwepo. Ndi zotsatira zoyenera kuzifufuzabe, koma n'zakutali kwambiri ndi zimene zikufika pakhonde panu.

Mwina vidiyoyo yatchulanso kuti WHO inavomereza kuti foni imayambitsa khansa. Chimene chinachitika n'chakuti mu 2011 nthambi ya WHO yoona za khansa, IARC, ya mumzinda wa Lyon, inaika mafunde a wailesi m'gulu lotchedwa 2B, kutanthauza kuti n'kutheka koma umboni ndi wochepa. Nkhawa yake inali ya zotupa za m'mutu mwa anthu oika foni pakhutu nthawi yaitali, osati chitetezo cha m'thupi ndiponso osati nsanja. Kuchokera nthawi imeneyo umboni wachuluka. Mu 2024 kunatuluka kawuniwuni wamkulu wopemphedwa ndi WHO, amene anasanthula kafukufuku 63 wa pakati pa 1994 ndi 2022, ndipo sanapeze kuti mafoni akuonjezera khansa ya mu ubongo, ngakhale mwa anthu amene agwiritsa ntchito foni zaka 10 kapena kuposa.

Poti tatchula magulu a IARC, ndipatuke pang'ono, chifukwa izi zimandipweteka mtima. M'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, muli likodzo la m'chikhodzodzo, lomwe lija ana athu a m'mbali mwa nyanja amakodza nalo magazi ife n'kumati ndi kukula. Mulinso poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume, amene amaononga chiwindi komanso kufooketsa chitetezo. Muli fodya, muli mowa. Zimenezi zili m'madzi amene bambo amapondamo tsiku lililonse pokoka bwato ndiponso m'nkhokwe zathu, koma sindinaonepo vidiyo yake ikuthamanga pa WhatsApp ngati ya nsanja.

Nanga nsanjayo payokha? Malire amene maiko ambiri amatsata anakonzedwa ndi ICNIRP, bungwe la akatswiri a maiko osiyanasiyana oona za chitetezo ku mafunde oterewa, ndipo anaunikidwanso mu 2020. Anayambira pa mphamvu imene imakweza kutentha kwa thupi ndi digiri imodzi, yomwe ndi mawati 4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, n'kuigawa ka 50 kuti apeze malire a munthu wamba. Ndiye malirewo ali kale kutali ndi ngozi. Chikalata cha WHO cha 2006 chinati miyezo yotengedwa m'madera a nsanja imapezeka pakati pa 0.002 peresenti ndi 2 peresenti ya malire amenewo. Zifukwa zake n'zosavuta. Zitsulo zoulutsira mafunde zili pamwamba ndipo zimaloza kutali, ngati nyali ya galimoto, osati pansi pa mapazi ake. Komanso mafunde amafooka msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake foni imene mwaigunditsa pakhutu imakupatsani mafunde ambiri kuposa nsanja imene mukuiona pawindo.

Ndipo pali china chimene anthu ambiri amadabwa nacho. Foni imachepetsa kapena kuonjezera mphamvu yake potengera mtunda wa nsanja. Nsanja ikakhala pafupi, foni imanong'ona. Netiweki ikakhala kadontho kamodzi, foni imakuwa ndi mphamvu zake zonse, n'chifukwa chake batire imatha msanga kumalo kovuta netiweki. Choncho bambo akamakuimbirani ali pakati pa nyanja usiku akudikira usipa, mutu wawo umalandira mafunde ambiri kuposa akamaimba atakhala pakhonde, nsanja ili kuseri. Mutasamukira kutali, mafoni a m'nyumba mwanu angayambe kukuwa kwambiri kuposa lero. Ngakhale kukuwako kuli m'kati mwa malire.

Ngozi yeniyeni ya nsanja ili kwa wokwera pamwamba n'kuima maso ndi maso ndi zoulutsirazo zili zoyaka, ndipo amisiri ake amaphunzitsidwa za zimenezo. Kwa inu, chofunika n'chakuti mpanda wake ukhale wolimba kuti ana asalowe kapena kukwera. Ngati mpanda wathyoka, kapena jenereta ikusokosa ndi kufukiza utsi usiku, muli ndi ufulu wodandaula kudzera kwa amfumu, ku khonsolo ya boma, ngakhalenso ku MACRA, imene imayang'anira makampani a mafoni. Ine ndimaona kuti mantha ambiri akanapeweka eni nsanja akanamayamba akhala pansi ndi anthu a m'mudzi n'kuwafotokozera asanakumbe dzenje. Chinthu chikangomera kuseri kwa nyumba popanda wokuuza kuti n'chiyani, matenda aliwonse obwera pambuyo pake amaoneka ngati achokera kumeneko. Anzanu amene akukuchenjezani musawadane nawo, wakutsina khutu ndi mnansi. Kungoti pa ichi alozera kolakwika.

Tibwerere kwa bambo, chifukwa CD4 yawo yatsikadi ndipo pali chifukwa chake chimene chiyenera kupezeka. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 ya pakati pa 500 ndi 1,500, koma nambalayi siikhala malo amodzi. Imasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, imasiyana pang'ono makina ndi makina, ndipo imagwa kwambiri munthu akadwala mwakayakaya. Malungo amachita zimenezi kwambiri: pa nthawi ya kutentha thupi, ma lymphocyte ambiri amachoka m'magazi kupita m'kapamba ndi m'malo ena omenyera nkhondo, ndiye magazi otengedwa tsiku limenelo amaonetsa asilikali ochepa. Bambo anayezedwa ali chigonere ndi malungo. N'kutheka ndithu kuti atayezedwanso patapita miyezi iwiri kapena itatu atachira, nambalayo ingakwere yokha.

Koma tisadalire zimenezo tokha. Muyezo umene umanena zoona za mankhwala ndi wa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, uja amati vayirolodi. Ngati kachilombo sikakuoneka, mankhwala akugwira ntchito, ndipo mtima ukhale m'malo. Ngati kapitirira 1,000, ndiye kuti pena pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi kudumphitsa mankhwala. Sindikuweruza bambo. Moyo wa usodzi ndi wovuta kumwera mankhwala: kunyamuka madzulo, kubwera m'mawa thupi lili lende, nthawi zina kutsata nsomba kumadoko a kutali, ku Senga Bay kapena kupitirira mpaka Nkhotakota, n'kukhalako masabata botolo litatsala kunyumba kapena litanyowa m'bwato. Ena safuna anzawo a pa dooko awaone akumwa. Muwafunse mofatsa, pa awiri, osati mowakalipira, kuti pa miyezi yapitayi ndi masiku angati amene anadumpha.

Pali zinanso zoti achipatala aone. Chifuwa chachikulu chimagwetsa CD4 ndipo chimatha kubisala, ndiye ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, anene. Mankhwala ambiri a ma ARV amene akuperekedwa kuyambira 2019 ali ndi dolutegravir, ndipo ameneyu salowa bwino m'magazi akamwedwa nthawi imodzi ndi mankhwala ena a chilungulira, monga magnesium trisilicate, kapena mapiritsi oonjezera magazi. Ngati bambo amagula mankhwala a m'mimba pa golosale, kapena akumwa azitsamba, atenge zonsezo akaonetse. Bactrim wawo asasiye, poti amawateteza ku matenda ongopezerapo mwayi komanso amachepetsa malungo. Agone m'neti, ngakhale kudooko. Ndipo poti ndi munthu wa m'madzi, apemphe kuyezedwa likodzo. Mankhwala ake, praziquantel, ndi akumwa tsiku limodzi. CD4 ikadzapezeka pansi pa 200, pali miyezo ina yapadera imene amachita, ya TB mumkodzo ndi ya kafangasi koyambitsa matenda oumitsa khosi, koma bambo sanafike pamenepo.

Ngati mtima ukadali ndi kanthu pa za foni, kuchepetsa mafunde n'kosavuta ndipo sikulira ndalama. Ikani pa laudi kapena gwiritsani ntchito mahedifoni, chifukwa foni ikangotalikira mutu ndi chikhatho chimodzi, mphamvu yofika m'thupi imagwa kwambiri. Musagone nayo pansi pa pilo ili pa chaja, pamenepo ngozi yake ndi kutentha kwa batire ndi moto. Timapepala tomata kuseri kwa foni, timene ena amagulitsa kuti timatchinga cheza, musataye nato ndalama. Tikatchingadi kanthu, foni imangoonjezera mphamvu pofuna kuifikira nsanja.

Musadikire tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala. Sabata ino mupite nawo limodzi ku kiliniki ya ma ARV, mutenge bukulo, mabotolo onse a mankhwala ngakhale otsala, ndi pepala la CD4 lija. Mukawauze anamwino zonse, kuphatikizapo mawu a bambo akuti akufuna kusiya, chifukwa ali ndi alangizi a nkhani zoterezi. Mukafunse kuti vayirolodi yomaliza inatengedwa liti ndipo inali bwanji, ngati angatengenso ina, ndi tsiku loti adzabwereze CD4 atachira bwinobwino. Vayirolodi ikapezeka yabwino, mukafunsenso zolandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, kuti nyengo ya usipa isamawapeze botolo lili lopanda kanthu. Pobwerera, mugule kabotolo kotseka bwino kosalowa madzi koti azinyamuliramo mapiritsi a ulendo, ndipo mwana wanu wamkulu awaikire alamu pa foni yawo, pa ola limene amamwera.